Liwu lobisika ndi mipata 6

Pa foni yanga pali masewera amodzi amene ndimawalemekeza ngati phunziro. Dzina lake ndi Wordle. Anawapanga ndi Josh Wardle, katswiri wa makompyuta wocokera ku Wales, ndipo anawatulutsa poyera mu Okutobala 2021. Kumapeto kwa Januwale 2022 nyuzipepala ya The New York Times inawagula. Olankhula Cipwitikizi ali nawo awo ofanana nawo, ochedwa Termo, amene anayambira ku Brazil.

Lamulo lake ndi lalifupi. Pali liwu lobisika la zilembo 5, ndipo wosewera ali ndi mipata 6 yokha yolipezera. Akalemba liwu, kabokosi kalikonse kamasintha mtundu. Kobiriwira kamanena kuti cilembo cilimo ndipo cili pamalo pake. Kacikasu kamanena kuti cilimo koma casocera malo. Kotuwa kamanena kuti mulibe.

Ambiri amati kupambana pamenepa ndi mwayi, ndipo pa mpata woyamba akunena zoona. Mndandanda woyambirira wa mayankho unali ndi mawu a Cingelezi 2,315, motero wofuna kulasa pomwepo ali ndi mwayi umodzi pa 2,315. Koma amene wasewera kwa nthawi amadziwa kuti liwu loyamba amalilemba ngati funso. Mabokosi 5, lililonse la mitundu 3, angathe kuyankha m'njira 243 zosiyana. Mawu onse aja akanagawika mofanana m'magulu 243, gulu lililonse likanatsala ndi mawu pafupifupi 10. Sagawika mofanana conco, n'cifukwa cake pali mawu oyambira abwino ndi ena ofooka. Abwino ndi amene ali ndi zilembo 5 zosiyana, zopezeka kawirikawiri m'cilankhuloco. Nzeru imeneyi ndi yakale. M'masewera a Mastermind muli njira 1,296 zobisira mitundu, koma katswiri wa masamu Donald Knuth anaonetsa kuti wofunsa mwadongosolo amapeza yankho asanapitirire mipata 5.

Ine Cingelezi ndinaciphunzira ndili wamkulu, ndipo ndikamasewera Wordle ndimayenda ngati mlendo m'mudzi wa eni usiku. Sindimva m'khutu kuti pambuyo pa cilembo ici payenera kubwera citi. Koma ndikasamutsira masewerawa m'Cinyanja, pa bolodi ndi coko, pamodzi ndi aphunzitsi amene ndimawaphunzitsa, njira zonse zimaoneka. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, motero kabokosi komaliza kali ndi zilembo 5 zokha zosankhapo, osati 26. Cilembo h cikaoneka, tonse timadziwa kuti kawirikawiri catsatana ndi p, t, k kapena c, monga mu phala, thumba, khasu ndi nchito. Woyamba ndi liwu loti ubale wafunsa za u, a ndi e nthawi imodzi, ndipo zonse zikatuwa wadziwa kale kuti liwulo likuyendera i ndi o. Mwana wa ku Angónia kapena wa ku Metangula amabwera kusukulu ali nazo kale zinthu zimenezi m'khutu mwake, ngakhale sangathe kuzichula maina.

Pali msampha umodzi umene ndimakonda kuuonetsa. Tinene kuti zilembo zitatu zomaliza zapezeka, a-l-a, ndipo pa mndandanda wathu patsala mawu anayi: njala, dzala, mbala ndi tsala. Mipata yatsala iwiri. Mtima umati lasa msanga. Koma wolasa mwa mawu anayiwa angathe kuyesa awiri okha, ndiye kuti mwayi wake ndi theka. Woleza mtima amalemba ndimu, liwu limene akudziwa bwino kuti silingakhale yankho. Cilembo n cikawala, yankho ndi njala; d cikawala, ndi dzala; m cikawala, ndi mbala; zonse zikatuwa, ndi tsala. Wapereka mpata umodzi dala, ndipo pa mpata womaliza sangaphonye.

Apa ndi pamene masewerawa amakhudza nchito yathu. Mwana amene akuphunzira m'cilankhulo cimene sakucimva amangolota. Amayang'ana nkhope ya mphunzitsi, n'kuponya liwu, n'kudikira kuti aone ngati asekedwa. Akaphonya saphunzirapo kanthu, popeza sadziwa kuti waphonya pati. Mipata yake nayo ndi yowerengeka. Akacita manyazi kawiri kapena katatu amatseka pakamwa, ndipo ena amatseka mpaka tsiku losiya sukulu. Pamene dziko lathu linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri m'nchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Cinyanja ku Tete ndi m'Cichangana ku Gaza, funso lalikulu linali lomweli: kodi mwana amatani akapatsidwa mpata woganiza m'cilankhulo cimene amacidziwa? Kuyambira 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma, ndipo inu ndinu amene mudzaliyankha funsoli tsiku ndi tsiku.

Kuti musewere ndi ana simufunika foni kapena intaneti. Jambulani pa bolodi mizere 6 ya mabokosi 5. Cilembo cokhala pamalo pake mucizungulize, cosocera malo mucilembe mzere kunsi, cimene mulibe mucidule. Sankhani mawu a kumunda, a kunyanja ndi a pakhomo, monga munda, madzi, khasu ndi bwato. Gwirizanani za kalembedwe musanayambe, cifukwa liwu loti cala lili ndi zilembo 4 m'kalembedwe kathu, pamene anzathu a ku Malawi amalilemba ndi 5, poika h pambuyo pa c. Ana a m'malire amaona mabuku a mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyanaku kungakhale phunziro pa tsikulo. Ana akazolowera, yesani mawu a Cipwitikizi, ndipo adzaona okha kuti kumeneko liwu lingathe kuthera pa r, s kapena l. Adzakhala akuyerekeza zilankhulo ziwiri ataima pa cimene akucidziwa.

Cimene ndimapempha kwa mphunzitsi aliyense ndi cimodzi. Mwana akalemba liwu losakhala yankho, musathamangire kuitana wina. Mufunseni kuti, “Tsopano wadziwa ciyani cimene sumacidziwa?” Mudikireni aloze zilembo zimene zagwa ndi zimene zatsala, kenaka mumupatse coko kuti alembe liwu lotsatira.