Tsiku Lobadwa N'la Yani?

Makolo athu sankasunga tsiku limene munthu anabadwa. Mukafunsa gogo wa kumudzi kuti ali ndi zaka zingati, sakutchulirani nambala ayi. Adzakuuzani kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kutunga madzi kuchitsime, kapena kuti mwana wake wachisamba anabadwa chaka chimene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, mu 1964. Zaka za munthu zinkamangidwa pa zinthu zimene mudzi wonse unaziona: njala, dzombe, chigumula, imfa ya mfumu. N'chifukwa chake pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, nkhalamba zambiri zinkaima pamaso pa alembi zikukanda m'mutu, kufikira mbale wina atazikumbutsa kuti, "Inu paja munabadwa chaka chimodzi ndi auje."

Lero zinthu zatembenuka. Mwana wa sitandade 2 amadziwa tsiku lake ndi mwezi wake, ndipo likamayandikira sapatsa makolo mpata wopuma. M'matauni mumagulidwa keke, makandulo amayatsidwa, zithunzi zimayenda pa lamya kuchoka ku Ndirande mpaka ku Johannesburg. Mwambo umenewu sindikuunyoza, pakuti banja likapeza chifukwa chokhalira pamodzi mokondwa, palibe cholakwa. Koma pali funso limene ndikufuna tiganizire pamodzi, owerenga okondedwa: kodi tsiku lobadwa n'la yani? Kodi n'la munthu amene anabadwayo, yemwe pa tsikulo sanagwire ntchito ina iliyonse koma kulira basi?

Yankho la funsoli ndinalipeza ku Neno mu Julaye 2025. Akuluakulu anga anandituma kukathandiza pa maphunziro a sabata imodzi a akatekisi ndi atsogoleri a miphakati ku parishi ya Neno, imene Abambo a chipani cha Montfort anaitsekula mu 1906, patangopita zaka 5 chiyambire mishoni yawo yoyamba ku Nzama. Neno ndi kwathu. Mudzi wathu uli kumtunda, pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo zinangochitika kuti tsiku lomaliza la maphunzirowo linali lomwe ndinkakwanitsa zaka 33. Wansembe sasankha kumene adzakhale pa tsiku lotere. Chiyambire kulowa seminale, ndinali ndisanalidyerepo pakhomo pa amayi.

Amene sanafikeko aziti Neno ndi dera limodzi, koma kunena zoona ndi maiko awiri. Mukachoka ku Blantyre ndi kuoloka Shire pa mlatho wa Zalewa, mumalowa m'chigwa chotentha, cha malambe ndi mbuzi, kumene matumba a makala andanda m'mphepete mwa msewu ngati asilikali. Mukasiya msewu wa ku Mwanza ndi kuyamba kukwera, mpweya umasintha pang'onopang'ono, mpaka mufika kumene anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu, kumene mwezi wa Julaye munthu sagona wopanda bulangete lachiwiri. Bomali ndi laling'ono msinkhu, pakuti linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, koma mapiri ake ndi akale, ndipo njira zake zimaphunzitsa woyendetsa galimoto kudekha.

Pakati pa sabata, bambo mfumu wa parishiyo anandiitana ku ofesi nanditsekulira buku la maubatizo la chaka cha 1992. Mabuku oterewa ndi chuma chimene ambiri sitichidziwa. Kale, boma lisanakhazikitse lamulo loti mwana aliyense alembetsedwe, anthu ochuluka a kumudzi ankadziwa tsiku lawo lobadwa chifukwa cha buku la kumishoni basi. Ndinapeza dzina langa litalembedwa ndi inki imene yayamba kufwifwa: tsiku lobadwa, tsiku la ubatizo, dzina la malemu bambo anga, dzina la amayi, dzina la amene anandiimira, ndi dzina la wansembe amene anandibatiza. Ndinaona ngati mbiri yonse ya chiyambi changa yakwanira pa mzere umodzi umenewo. Koma panali dzina lina limene bukulo silinasunge.

Maphunziro atatha Loweruka masana, ndinakwera kumudzi. Achemwali anga anali atapha tambala, ataphika nsima ndi kachewere, ndipo thobwa linali litagona kale mumtsuko. M'malo mwa keke ya kusitolo anawotcha chikondamoyo mumphika, moto pansi moto pamwamba, ndipo ana anabayapo kandulo imodzi yaikulu, yomwe ija timaunikira usiku. Pa lichero panali nachesi za pamtengo umene bambo anabzala. Achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anaimba lamya, ndipo kuti timvane nawo bwino, banja lonse linasamukira pachulu cha kuseri kwa khola, pamene pokha mawu amafika osadukaduka. Ana anaimba nyimbo yachingerezi ija amaiphunzira kusukulu, atsibweni akuwayang'ana modabwa ngati akumva chilankhulo cha mbalame.

Titakhala pansi kuzungulira moto, amayi anatsokomola pang'ono, monga amachitira akafuna kuti onse atchere khutu. Chidzozedwe changa, pagulu amanditchula kuti Bambo, ngakhale kuti ndi iwo amene anandibereka kumbuyo.

"Inu Bambo," anatero, "lero mukudya tambala. Kodi mukudziwa chimene tinkadya chaka chimene munabadwa?"

Za chilala cha 1992 ndinkazidziwa, monga aliyense amene anapita kusukulu. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, m'Malawi muno ndi m'maiko onse a kumwera kwa Africa, ndipo anthu anapulumukira chimanga chachikasu chochokera kunja. Ndinkadziwanso kuti nthawi imeneyo dziko lathu linkasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ena m'misasa monga wa ku Luwani, m'boma lomweli, ena m'midzi ya m'malire pakati pa eni nthaka. Koma zimene amayi anafotokoza usiku umenewo sizili m'buku lililonse.

Bambo anali atapita kutali kukasaka ganyu. Matenda anayamba pakati pa usiku, kunja kukuzizira, chipatala chili kutali, galimoto kulibe. Agogo anathamangira ku kanyumba ka udzu ka kumapeto kwa mudzi, kumene kunkakhala mayi wina wothawa nkhondo, amene atsibweni anamupatsa malo pa munda wawo. Mayiyo kwawo anali mzamba. Anabwera ndi kalumo katsopano kamene anakamanga pa mfundo ya chitenje, nakhala ndi amayi mpaka tambala wachiwiri. Ndi manja ake amene anandilandira, ndi kalumo kake kamene kanadula mchombo. Masiku onse a chikuta, mayiyo ankatapa pa ufa wake wa chithandizo, umene sunkakwanira ngakhale ana ake omwe, n'kumaphikira amayi phala kuti mkaka usaume.

"Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa," anatero atsibweni, akusonkhezera moto. "Ife tinaziona ndi maso."

Ndinafunsa dzina lake. Amayi anati m'mudzi monse ankangomutchula ndi dzina la mwana wake woyamba, monga mwa ulemu wa kwathu, ndipo dzina lake lenileni palibe anafunsa. Pa 4 Okutobala 1992, ine ndili ndi miyezi itatu, mbali ziwiri zomenyanazo zinasainirana mtendere ku Roma. M'zaka ziwiri zotsatira othawa nkhondo anabwerera kwawo, mayi uja pamodzi nawo, atasenza mtolo wake pamutu. Kuyambira pamenepo sanamvekenso.

Sindikunena izi pofuna kutamanda kuberekera kunyumba. Amayi ambiri a nthawi imeneyo anataya moyo pa usiku wonga umenewo. Lero ku Neno kuli chipatala cha boma, ku Lisungwi kuli china, ndipo bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito m'bomali kuyambira 2007. Ana a achemwali anga onse anabadwira m'manja mwa anamwino, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndikungonena kuti moyo wanga unadutsa m'manja mwa munthu amene analibe dziko, analibe nkhokwe, ndipo sanalembedwe paliponse.

M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi cha kunthambi, atsibweni ananditenga pamodzi ndi mphwanga wa zaka 10 kukwera phiri la kuseri kwa mudzi. Mapiri amenewa pa mapu amatchedwa Kirk Range, potengera John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone m'chigwa cha Shire mu 1859, ngakhale kuti eni dera ali ndi dzina la phiri lililonse ndi mtsinje uliwonse. Pamwamba pake mphepo imaomba mosalekeza. Kum'mawa dziko limatsetsereka mpaka ku Shire; kumadzulo, popanda mpanda kapena chipata, kuli Mozambique. Minda ya uko ndi ya kuno n'chimodzimodzi, utsi wa m'midzi n'chimodzimodzi. Atsibweni analoza ndi ndodo yawo kanjira kotsikira kutsidya. "Anadzera apo pobwera, anadzeranso pomwepo popita," anatero. Tinaima nthawi yaitali osalankhula. Ndinakulira pansi pa phiri limenelo, ndinalikwera kambirimbiri posaka mbewa ndi masuku, koma tsiku limenelo ndinaliona ngati mlendo.

Lolemba pobwerera ku Blantyre, amayi anakwera nawo kuti akacheze kwa mng'ono wawo ku Zalewa, ndipo mphwanga uja anaumirira kuwaperekeza. M'chigwa tinaona sitima ya pamtunda yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala. Mnyamatayo anayamba kuwerenga mabogi ake mokweza mawu mpaka anasokonezeka. Tisanafike kwa azakhali, ndinakhota kuti amayi akaone Nkula. Anabadwira m'boma lomweli, akalambira momwemo, koma malo amenewa ankangowamva pa wailesi.

Pa Nkula mtsinje wa Shire umagwa m'mathithi amene kale ankatsekereza ngalawa zochokera kunyanja ya mchere kuti zisafike ku nyanja ya Malawi. Mphamvu yomweyo imene inkavutitsa apaulendo ndi imene inakoledwa mu 1966, pamene malo oyamba aakulu opangira magetsi ndi madzi m'dziko muno anatsekulidwa pomwepo; kumunsi kwake kuli Tedzani, amene anayamba mu 1973. Tinaima chapatali, tikumva mkokomo wa madzi ndi kuona nthambo zikuluzikulu zikuoloka mapiri kulowera kumizinda. Amayi anayang'anitsitsa, atagwira chibwano.

"Ndiye kuti anthu a ku Blantyre akamayatsa getsi, moto wake umachokera kwathu kuno?" anafunsa. Nditavomera, anaseka pang'ono. "Koma amadziwa?"

Funso la amayi ndi lomwe ndabwera nalo kwa inu. Munthu akalowa m'nyumba usiku amangokhudza pakhoma, kuwala n'kubwera, ndipo saganizako za mtsinje umene ukugwa m'miyala kutali. Ndi mmenenso timachitira ndi zaka zathu. Timaziwerenga ngati ndalama zimene tinadzipezera tokha, chonsecho chaka chilichonse chili ndi mwini wake amene anachilipirira: mayi amene anagona ndi njala, mlongo amene anasiya sukulu kuti ife tipitirize, mnansi amene anabwereketsa njinga usiku, mlendo amene dzina lake linaiwalika. Makolo athu pomanga zaka zawo pa njala ndi pa chigumula sankachita umbuli ayi. Ankanena choona chimene kalendala sanena: kuti munthu amabadwira pakati pa anthu, pa nthawi imene inali ndi mavuto ake, ndipo alipo amene anamuolotsa.

Ngongole yotere siibwezedwa kwa mwini wake. Mayi uja sindidzamupeza. Mwina anagona kale m'manda ena a m'chigawo cha Tete. Chimene ndingathe ndi kumukumbukira paguwa chaka ndi chaka pa tsiku limeneli, ndi kusatseka chitseko pamene mlendo wina wosowa pogona agogoda. Nkhondo ndi njala sizinathe pa dziko lapansi. Msasa wa ku Luwani womwewo, umene unatsekedwa mu 2007, unatsekulidwanso mu 2016 pamene anthu ena anathawanso zipolowe ku Mozambique.

Tsono inu a m'mabanja, tsiku lobadwa la wina likafika pakhomo panu, kondwerani ndithu, kaya ndi keke kaya ndi chikondamoyo. Koma nthuli yoyamba ipite kwa amayi, ngati akali moyo. Mukatha kuimba, musafulumire kubalalika. Khazikani pansi nkhalamba za pakhomopo ndi kuzifunsa kuti: kunja kunacha bwanji tsiku limenelo? Munkadya chiyani? Analipo ndani? Anathamanga ndani? Mwana mmodzi wodziwa kulemba atenge kope, alembe maina onse amene atchulidwe, ngakhale a iwo amene ankangodziwika ndi dzina la mwana wawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Funsani lero, iwo akadali ndi mawu.