Linga lamiyala limene tidakaona ku theba

Sendezani mphasa kuno, zidzukulu zanga, utsi ukulowera uko. Ine za linga ndidazimva koyamba kwa agogo anga aakazi, tikusenda chinangwa pakhonde kuno ku Khombedza. Ankati pa utsikana wawo mudzi wonse unkagona m'kati mwa mpanda wa mitengo yozika mothithikana, womatidwa ndi dothi, kunja kwake kuli nkhadze ndi minga, khomo lili limodzi lolowa chowerama. Kumtunda kudali Angoni a Chiwere, kunyanja kudali ogula anthu amene ankatengera akapolo kwa Jumbe ku Nkhotakota, kukawakweza m'zombo ulendo wa ku Kilwa. Mbuzi, nkhokwe, mitondo, nkhalamba ndi makanda, zonse m'katimo. Akafika pa fungo lake, agogo ankangotseka mphuno n'kuseka. Koma ndikawafunsa pamene padali lingalo, ankaloza tchire chabe, poti chiswe ndi mvula zidamaliza kalekale.

Nthawi ya chitaganya ndidatsatira atsibweni ku theba. Sitima tidakwerera pa Salima, kamba wathu ali chimanga chokazinga ndi usipa wowuma, ndipo tidakathera ku migodi ya ku Mashaba, kufupi ndi Fort Victoria, tawuni imene lero akuti Masvingo. Anyasalande tidalipo ambiri kumeneko, ndipo Lamulungu lina tidasonkherana ndalama ya lole kuti tikaone damu la Kyle limene lidali litangomangidwa kumene. Madziwo sadatidabwitse, ife ana a kunyanja. Chidatitseka pakamwa ndi mabwinja a pafupi pomwepo, amene tsopano dziko lonse limawatcha Great Zimbabwe.

Ana inu, mpandawo! Wozungulira, wotuwa, wamiyala yokhayokha, popanda simenti ngakhale dothi lomatira. Oyeza amati pena umatalika mamita 11, kuchindikala kwake pansi mamita 5, ndipo kuuzungulira wonse ndi mamita 250. Atsibweni adali mmisiri womanga nyumba, munthu wonyoza ntchito ya mnzake aliyense, koma tsiku limenelo adavula chipewa. Adayamba kusisita khoma ndi chikhato, kulowetsa chala m'mipata, kugwada kuti aone timabowo tapansi totulutsira madzi a mvula, kenaka n'kubwerera chafutambuyo kuyang'ana mizere yokhotakhota imene amisiriwo adakongoletsera pamwamba. Sadayankhule kanthu. Anzathu ankafuna kumasula mikute yawo, iwo ali pomwepo, akupukusa mutu.

Tidalowa m'kanjira kopanikiza ka pakati pa makoma awiri, koyenda mmodzimmodzi, kozizira ngakhale kunja dzuwa lidali likuswa mtengo, abuluzi akuthawira m'ming'alu. Potulukira tidangoti maso ndi nsanja yamiyala, yonenepa pansi, yowonda pamwamba, yopanda khomo. Tonse tidati nkhokwe iyi, nkhokwe ya mfumu yosadziwa njala. Kenaka tidakwera phiri la pambali pake, pa makwerero opota pakati pa matanthwe, ndipo pamwamba tidaona chigwa chonse chili mipandamipanda. Kumeneko n'kumene kudapezeka mbalame zosema pamwala, zonga ija mumaiona pa mbendera ya Zimbabwe.

Masiku amenewo azungu ambiri a m'dzikomo ankalimbikira kunena kuti munthu wakuda sakadamanga zotere, ati adamanga ndi alendo a kutsidya kwa nyanja. Chikhalirecho akatswiri awo omwe, David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, adali atakumba kale n'kupeza kuti ndi ntchito ya makolo a Mashona. Atsibweni sadawerengepo buku lililonse, koma atamva za alendozo adalavula malovu. Adatitengera pathanthwe n'kutionetsa momwe mwala wa kumeneko umasendekera wokha m'magawo afulati, n'kunena kuti ukasonkhapo moto n'kuthirapo madzi, umasweka bwino lomwe. Anthu adaona zimene thanthwe lawo limachita, basi, n'kuyamba kusanja.

Chimene ndakhala ndikuchisinkhasinkha ndi ichi. Linga la agogo lidamangidwa ndi mantha, mothamanga, anthu akuyang'ana kumapiri. La ku Zimbabwe silikuoneka choncho. Mulibe mabowo oponyera mivi, ndipo munthu wothawa nkhondo sataya nthawi kukongoletsa pamwamba pa khoma. Lidamangidwa m'zaka za m'ma 1300 ndi anthu okhuta, a ng'ombe zambiri ndi golide, kuti wodutsa adziwe kuti muno mukukhala akuluakulu, asamasuzumiremo. M'kati mwake nyumba zidali zadothi ndi udzu, zonga zathu zomwezi. Okumba adapezamo mikanda, zidutswa za mbale za ku China, ndi kandalama ka ku Kilwa, Kilwa yemweyo amene zaka mazana asanu pambuyo pake adameza abale a agogo. Mnzanu wina wa ku yunivesite adandiuza kuti ku Ireland nakonso kuli malinga ozungulira amiyala yosamata, lina lotchedwa Staigue, m'mene mabanja olemera ankakhala ndi ziweto zawo. Sindidadabwe. Mwini ng'ombe kulikonse amagona khutu lili kukhola.

Pobwerera, lole idatitsitsa kutada, fumbi lili mbuu m'tsitsi, ndipo atsibweni njira yonse ankangowerengera pa zala kuti pangafunike amuna angati onyamula, akazi angati ophikira onyamulawo, zokolola za zaka zingati. Adati chodabwitsa si mwala ayi, koma nsima imene idadyetsa anthu onsewo mpaka khoma kutha.

Atabwerera kuno kumudzi, adalumbira kuti amanga khola la mbuzi la mtundu womwewo. Tidatuta miyala kumtsinje wa Lingadzi mpaka mapewa kusupuka. Koma miyala yamumtsinje njoburungika, siigwirana, ndipo mvula yoyamba itagwa khola lidagumuka mbali ya kum'mawa, mbuzi n'kukalowa m'munda wa thonje wa apongozi awo. Mlandu wake udatha ndi nkhuku ziwiri, ndipo azakhali anu aakulu aja miyalayo adaitola n'kupangira mafuwa.