Uta ukawonongekera m'manja mwa okonza

M'mashopu ogulitsa mauta ndi mivi muli mawu amene amatseka kasitomala pakamwa: "Munakoka uta n'kuusiya wopanda muvi." Kwa amene simudziwa masewerawa, nkhani yake ndi iyi. Mphamvu imene imayenera kukankha muvi ikasowa kolowera imabwerera mu uta momwemo. Nsinga imaduka, mikono ya uta imang'aluka, timawilo timapindika. Wophunzira aliyense amachenjezedwa zimenezi tsiku loyamba. Koma mawu omwewa ndi amene wokonza amabisalako akawononga yekha uta wa mwini, poti amadziwa kuti palibe mboni.

Uta wa makolo athu unali wa mtengo ndi nsinga basi, ndipo mwini wake ankakonza yekha. Umene ndimaponyera kuno ku Johannesburg ndi wa mtundu wa compound, womwe anayambitsa Holless Wilbur Allen wa ku America m'zaka za m'ma 1960. Uli ndi timawilo tiwiri kunsonga za mikono yake komanso zingwe zothandizira, ndipo nthawi zonse umakhala wokungika kwambiri. Kuti uchotse nsinga pamafunika makina opanira mikonoyo. Ambirife makinawo tilibe, choncho ufune usafune upita kushopu.

Ndinapereka wanga kuti asinthe nsinga ndi zingwe. Anati sabata imodzi, koma panatha masabata atatu. Zimenezo sindinadandaule nazo. Nditafika kubwalo loponyera, ndinamva m'manja kuti china chalakwika. Timawilo tija timayenera kufika pamapeto nthawi imodzi, koma kena kankatsogola kena n'kumatsalira. Kabowo kosuzumirako kamene kamamangidwa pansinga kanali katatembenukira kumbali. Ife a compound timaponya pa mamita 50, chandamale chake n'cha masentimita 80, ndipo tsiku limenelo mivi inkangomwazikana ngati nkhuku zoona kabawi. Nditayang'anitsitsa ndinapeza mng'alu pamkono wam'mwamba, wopyapyala ngati tsitsi.

Ndinabwerera tsiku lomwelo. Mnyamata wapakauntala anaitana bwana wake, bambo wachikulire amene anangouyang'ana utawo osaukhudza n'komwe.

"Bambo, mwina munaupereka kwa mwana kuti aseweretse?"

"Ayi bwana, wachoka m'manja mwanu wafika m'manja mwanga."

"Ndiye kuti munaukoka wopanda muvi. Timaziona kawirikawiri."

Ndinawakumbutsa za lamulo. Ku South Africa kuli Consumer Protection Act ya 2008, imene imati wokonza katundu ayenera kutsimikizira zipangizo zimene waikapo pamodzi ndi ntchito yake kwa miyezi itatu. Iwo lamulolo ankalidziwa bwino lomwe. Anandiyankha modekha kuti chitsimikizocho chimatha mphamvu ngati kasitomala wagwiritsa ntchito katunduyo molakwika. N'zoona, lamulo limatero. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mawu aja amatuluka msanga m'kamwa mwa okonza ena: akangowanena, mlandu wasamuka. Tsopano ndiwe amene uyenera kusonyeza kuti sunachite chinthu chimene palibe anakuona ukuchita.

Chinandipweteka si ndalama yokha ayi. Anandiyesa wabodza pamaso pa makasitomala ena, kwinaku akumwetulira. Komanso mng'alu pa uta si nkhani yamasewera. Pokoka, nsinga imafika pamphuno ndi pakona ya mlomo, ndiye mkono ukathyoka nthawi imeneyo, zidutswa zake zimapeza nkhope. Paja akulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Utawo sindinaukokenso.

Anzanga a kubwalo ananditumiza kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kakang'ono. Asanagwire chilichonse, anajambula utawo pafoni mbali zonse ine ndikuona. Analemba papepala kutalika kwa kakokedwe kanga m'mainchesi ndi mapaundi amene utawo unkakoka kale, tonse n'kusaina. Kenako anandionetsa zipsera ziwiri pafupi ndi mng'alu uja, pamene makina opanira anagwira posayenera. Za shopu inayo sanalankhulepo zoipa. Anangoti, "Achimwene, si makina onse amene amayenerana ndi uta uliwonse."

Nawonso analakwitsa pang'ono. Kabowo kosuzumira kaja anakamanga m'munsi kwambiri, moti ndinkachita kuweramitsa mutu. Nditawauza anati, "Pepani, ameneyo ndi ine," n'kukamasula pompo. Pomaliza anandiponyetsa muvi kuboola pepala lokungidwa pafelemu, kuti tione mmene lang'ambikira ngati muvi ukuuluka mowongoka. Anakana kulandira ndalama mpaka bowo litatuluka bwino.

Ndimaganizira achinyamata akumudzi amene anakopeka ataona Areneo David akuimirira Malawi pa masewera a Olympics ku Rio mu 2016 ndi ku Tokyo. Uta wa mtundu umene iye ankaponyera, wa recurve, munthu amatha kuukunga yekha ndi kachingwe. Koma wogula compound ali ku Lilongwe, ukamuvuta n'kuutumiza kuno pabasi, adzakangana bwanji pafoni ndi munthu womuuza kuti anaukoka wopanda muvi?

Mikono ya uta amasintha iwiri pamodzi, ngakhale wang'aluka umodzi. Ndinalipira yonse ndekha, ndipo ndinadikira mwezi wathunthu kuti ifike. Sabata yatha shopu yoyamba ija yanditumizira uthenga pa WhatsApp, akuti atsitsa mtengo wosinthira nsinga.