Kaundula Adapita, Foni Yanga Siizimanso

Ntchito yanga anthu amaikumbukira tsiku limene zinthu zavuta basi. Mukakhala pamzere kubanki kapena kuchipatala, wapakauntala n'kudzutsa mutu kunena kuti, "Pepani makolo, sisitimu yagwa, tadikirani kaye," dziwani kuti kuseri kwinakwake kuli munthu amene foni yake ikungolira, maso ali pa sikirini, thukuta lili kamukamu. Ine ndine mmodzi wa anthu amenewo. Ndimayang'anira maseva a database, makina osunga matebulo a mayina, ndalama, mankhwala ndi masiku, kumene pulogalamu ya pakauntala imakafunsa isanakuyankheni.

Pomwe ndinkayamba ntchito, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ulamuliro muofesi udali wa kaundula, buku lalikulu lachikuto cholimba lija. Kalaliki ankayamba walemba m'menemo ndi bolopeni, masana n'kumakopera zomwezo mu dBase kapena FoxPro. Otsogola adali atayamba Microsoft Access. Kompyuta ikazima palibe ankagwira m'mutu. Akauntanti wathu, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala, ankangoti, "Isiyeni ipume, mwana wanga," n'kutsegula buku, ntchito n'kumapita. Ziwerengero za m'kompyuta zikasemphana ndi za m'buku, mlandu unkatha usanayambe: yolakwa ndi kompyuta. Bakapu tinkaika pa madisiki a floppy a 1.44 MB, omwe ikafika nyengo ya dzinja ankachita nkhungu m'kabati. Mu 1999 tidatha miyezi tikusintha malo a chaka kuti azilandira manambala anayi m'malo mwa awiri poopa chaka cha 2000. Chaka chidafika, palibe chidaphulika, ndipo mabwana adaganiza kuti tidangowaopseza.

Seva yeniyeni ndidaigwira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Oracle ndi SQL Server zinkafuna ziphaso zolipira m'madola, zomwe ankakwanitsa ndi mabanki ndi makampani akuluakulu. Enafe tidathamangira ku MySQL ya pa Linux chifukwa idali yaulere. Chipinda cha seva chidali kastolo kakale komwe adachotsamo matsache ndi mabaketi. Choziziritsira mpweya chinkadontha madzi, pansi pake tidaikapo beseni. Mu Okutobala fumbi linkalowa mpaka m'mafani, ndipo Loweruka lina ndinkatsegula makinawo n'kuwapemerera ndi pampu. Ndinkadziwa seva yanga ndi khutu. Disiki yotsala pang'ono kufa imayamba kugogoda, ko, ko, ko, motsitsa, ndipo ukamva zimenezo umadziwa kuti usiku umenewo sugona kwanu. Ina yosinthira inkachokera ku Johannesburg, patapita masabata.

Mdani wamkulu adali magetsi. Mabatire a UPS ankatha mphamvu mwakachetechete, ndipo unkadziwa kuti adafa kale tsiku lomwe magetsi athima, seva n'kuzimira limodzi ndi mababu. Nthawi imeneyo matebulo a MySQL ambiri adali a mtundu wa MyISAM, womwe sukhala ndi njira yobwezera ntchito yodukira pakati. Magetsi akathima seva ikulemba, m'mawa unkalandiridwa ndi uthenga woti tebulo "is marked as crashed and should be repaired". Pamenepo unkathamangitsa myisamchk, n'kukhala pansi ndi kapu ya tiyi wozizira, kudikira kuti ikuuze mizere ingati yapulumuka. Yotayikayo tinkakaifuna m'kaundula. Kalaliki ankakhala pambali panga akuwerenga mokweza, ine ndikutayipa.

Chimene chidandibwezera tulo ndi InnoDB, mtundu wina wa matebulo womwe MySQL idauika kukhala woyambirira pa 5.5 mu 2010. Nzeru yake ndi yosavuta kuimva. Kusamutsa K5,000 kuchoka kwa mayi wina kupita kwa mwana wake ndi zochita ziwiri, kuchotsa uku ndi kuwonjezera uko. Database yabwino imazimanga pamodzi kuti zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse, ndipo isanakhudze tebulo imayamba yalemba zomwe ikufuna kuchita m'failo ina ya log. Magetsi akathima pakati, ikadzuka imawerenga log ija, kumaliza zomwe zidatsimikizidwa ndi kufufuta zotsalira. PostgreSQL, yochokera ku yunivesite ya California ku Berkeley, inkachita kale zimenezi, koma ambirife tinkaiopa poyesa kuti ndi ya anthu ophunzira kwambiri. Chaka chomwecho cha 2010 Oracle idamaliza kugula Sun Microsystems, yomwe idali itagula MySQL mu 2008, ndipo ena adasamukira ku MariaDB ya Michael Widenius, mmodzi wa oyambitsa MySQL. Ife kuno tinkangomva mkanganowo chapatali, nkhawa yathu ili pa dizilo wa jenereta.

Sikuti tonse tinkangodandaula za magetsi. A Baobab Health, omwe adayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, adaganiza mosiyana: makina odya magetsi ochepa, oyendera mabatire, database ili pa seva yaing'ono pachipatala pomwepo. Sadadikire kuti magetsi a dziko lino akhale ngati a ku Ulaya, adamanga zogwirizana ndi momwe zinthu zilili. Mpaka lero ndimaona kuti imeneyo idali nzeru yoposa ya ambiri obwera ndi makina odula.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene sidasinthe, ndipo ndi imene ndimaikonda. Kumapeto kwa mwezi foni imalira: "Akulu, lipoti la malipiro silikutuluka, langoima." Chizolowezi cha anthu n'kunena kuti seva yakalamba, tigule ina. Ine ndimayamba ndaona zomwe zikuthamanga panthawiyo. Kawirikawiri ndimapeza query imodzi yagwira tebulo, ena onse afola kumbuyo kwake. Ndikaika mawu oti EXPLAIN patsogolo pake, database imaulula njira yomwe ikuyenda, ndipo umaona kuti ikuwerenga mizere yonse ya tebulo, mamiliyoni, pofuna mizere makumi awiri. Zili ngati kufunafuna munthu mumsika wa Limbe pofunsa aliyense dzina lake kuyambira pachipata. Ukaika index pamalo oyenera, lipoti lomwe limadya nthawi yonse ya nkhomaliro limatuluka munthu asanakhale pansi. Nthawi zina vuto limakhala lochititsa manyazi kuposa pamenepa: disiki yadzaza ndi ma log akale omwe palibe adawafufuta, kapena pulogalamu ikutsegula makonekishoni osawatseka mpaka seva ikukana alendo ndi mawu oti "Too many connections". Kale zoterezi ndinkazifufuza m'buku lonenepa lomwe tinkabwerekana, intaneti ya pa waya wa foni ikulira ngati ikutsamwa. Lero mnyamata amakopera uthengawo pafoni yake, yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Zimenezo sindidandaula nazo.

Chomwe chidasintha kwambiri si makina ayi. Ndi kuchoka kwa kaundula. Airtel Money itayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndalama za anthu wamba zidasanduka mizere ya m'tebulo. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa ziphaso za unzika. Ziwerengero za zipatala zimapita mu DHIS2, yomwe imakhala pa PostgreSQL. Kuyambira 2020 mlimi wogula feteleza wotsika mtengo wa AIP ankayenera kuonetsa chiphaso kuti makina amupeze, ndipo makina akalephera kumupeza ankabwerera ndi njinga yopanda katundu, kapena kugona padepoti. Palibenso akauntanti wonena kuti isiyeni ipume. Seva ikaima mphindi khumi, wina salandira mankhwala, wina basi yamusiya akudikira ndalama ya thiransipoti. Zida zathu zidakhala zamphamvu, inde, koma katundu amene tasenza adalemera kuposa momwe zidazo zidakulira. Kale ndinkaweruka 5 koloko n'kuiwala. Lero foni imagona pafupi ndi pilo, ndipo kumaliro ndimakhala chakumapeto kwa benchi kuti ikalira ndituluke osasokoneza nyimbo.

Kenako tidaphunzira kuti mdani si magetsi okha. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu Seputembala 2013, ambiri ankakamba za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto. Ife a ntchito iyi tidagwidwa ndi mbali ina. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly adaonetsa kuti malipiro ankalowetsedwa mu IFMIS, makina a boma oyendetsera ndalama, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa m'makina. M'kaundula wa pepala ukang'amba tsamba, chotsalira chimaoneka pamsoko. Mu database mzere wofufutidwa susiya dzenje, pokhapokha ngati wina adakonzeratu kuti chilichonse chochitika chizilembedwa pamalo ena pomwe wofufutayo sangafikepo. Ndipo tinene zoona, m'maofesi ambiri omwe ndidadutsamo pasiwedi ya root, yotsegula chilichonse, inkadziwika ndi anthu angapo, mwina italembedwa pakapepala komata kunsi kwa kiyibodi. Wolemba pulogalamu, woyang'anira seva ndi wophunzira ntchito onse ankalowa ndi dzina limodzi. Chinthu chikasowa, unkafunsa ndani?

Kuyambira pamenepo theka la ntchito yanga ndi kukana. Bwana wina amabwera, kutseka chitseko, kuyankhula motsitsa: "Achimwene, pali kamzere kamodzi kalakwika deti, tangokakonzani kumbuyoko, tisavutitse anthu." Mwina akunena zoona, kalakwikadi. Koma ndimayankha kuti, "Bwana, lembani pempho musayine, wachiwiri asayinenso, ndikonza pompano." Nkhope imagwa. Ena amakuyesa wamwano, ena amakuyesa wofuna kangachepe. Maphunziro athu adali a SQL, ma index ndi mabakapu. Palibe adatiphunzitsa kukana munthu amene amasayina tchuthi chako, komabe luso limenelo ndi limene limateteza ndalama za anthu kuposa makina aliwonse.

Tsopano kwabwera cloud. Amazon idayamba kubwereketsa ma database oyang'aniridwa kale mu 2009, Microsoft idatsegula malo ake a maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon n'kutsegula ake ku Cape Town mu 2020. Zomwe ndinkachezera usiku wonse, monga kukonza seva yachiwiri yotsatira yoyamba mzere ndi mzere, kapena kubwezera database momwe idalili dzulo 3 koloko masana, lero ndi kungodina. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, omwe adali pa cloud ankatiseka ife osaka dizilo. Kuseka kudatha mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, bilu ya madola itakwera usiku umodzi, ndalama zakunja zolipirira zikusowanso m'mabanki. Ndipo chingwe cha intaneti chikaduka kunja kwa malire, database yanu imakhala ili bwinobwino ku Cape Town, inu muli ku Lilongwe simungaifikire. Boma lidatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, lidayamba kugwira ntchito mu 2024. Funso loti zinthu za Amalawi zizisungidwa kuti lasanduka la maloya ndi azachuma, pomwe kale linkathera pa ine ndi kastolo kanga.

Achinyamata omwe ndikugwira nawo ntchito sadamvepo disiki ikugogoda. Ambiri salemba SQL ndi manja, pulogalamu imawalembera, ndipo ikalemba zopusa sadziwa poyambira. Koma ndisawanyoze. Amakonza zoti seva iziwatumizira uthenga disiki isanadzaze, amalemba malangizo omanga seva yonse mwatsopano popanda munthu kukumbukira chilichonse pamtima, zinthu zomwe ife tinkasunga m'mutu n'kumadzitama nazo. Kudzitama kumeneko kudali koopsa, chifukwa munthu akachoka ntchito kapena kumwalira, nzeru zonse zinkapita naye. Chimene ndimakangana nawo ndi chimodzi: amakhulupirira kachizindikiro kobiriwira konena kuti bakapu yatheka. Mabwana nawonso amakhulupirira, mpaka ena ayamba kufunsa ngati munthu wa ntchito yanga akufunikabe.

Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makina osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa masabata anthu sadalandire mapasipoti. Akuba a mtundu umenewu akalowa pamalo, chizolowezi chawo n'kuyamba asaka bakapu, chifukwa amadziwa kuti amene ali ndi bakapu yabwino salipira. Bakapu yokhala pa netiweki yomweyo, yotsegulidwa ndi pasiwedi yomweyo, imatsekedwa limodzi ndi zina zonse. Ndaonaponso mafailo a bakapu opangidwa mokhulupirika usiku uliwonse kwa miyezi, koma tsiku lowafuna n'kupezeka kuti m'kati mulibe kanthu, chifukwa pasiwedi idasinthidwa kalekale ndipo palibe adayesapo kuwatsegula.

Tsono inu amene mumayendetsa SACCO, sukulu, chipatala cha mishoni kapena kampani, musamangofunsa wa makompyuta wanu ngati bakapu ilipo, chifukwa adzayankha kuti ilipo. Sabata ino muuzeni atenge bakapu ya dzulo, aibwezeretse pa makina ena inu mukuona, mutchule dzina la kasitomala mmodzi amene mukumudziwa, alipeze pamodzi ndi ndalama zake. Mufunsenso kuti ndi anthu angati amene angafufute mzere popanda wina kudziwa, ndipo akupatseni mayina awo papepala.