Pulogalamu Ikakana Kudzuka pa Seva

Masiku ano mnyamata aliyense wokhala ndi laputopu akudzitcha katswiri wa mapulogalamu. Amatola khodi ya eni pa GitHub, kusintha mtundu wa mabatani, n'kukagulitsa kwa mwini shopu ku Kapata pamtengo wolira. Ikafika pa seva n'kukana kudzuka, iye foni wazima, imene imalira ndi yanga.

Ine ndimalemba ndi Java ndi Spring Boot, makamaka za ogulitsa mbewu ndi fetereza muno m'Chipata, ku Katete mpaka ku Lundazi. Za mafomu ndi database sinditayirapo nthawi, wa ku koleji aliyense amatha. Mmisiri amaonekera pa dependency injection, njira imene Martin Fowler anaifotokoza bwino mu 2004. Class siidzipangira yokha zida, imangonena zimene ikufuna ndipo Spring imabweretsa, monga womanga nyumba saumba yekha njerwa. Tsoka limabwera Spring ikasowa chobweretsa, kapena ikapeza ziwiri.

Kuno kwathu vuto la ziwirilo ndi la tsiku ndi tsiku, chifukwa kasitomala aliyense amafuna kulandira ndalama pa Airtel Money ndi pa MTN pomwe. Ndiye umalemba interface imodzi ya malipiro, class ziwiri n'kuitsatira. Spring poyamba ntchito imaima ndi NoUniqueBeanDefinitionException, pakuti siingaloze yoti itenge. Wothamanga amangoika @Primary pa imodzi, tinene ya Airtel, cholakwa chija chimazimiririka, iye n'kulandira zake. Koma kuyambira pamenepo, paliponse pamene sanatchule dzina, Spring izipereka yomweyo, ndipo mlimi wa nambala ya MTN azitumizidwa ku Airtel. Chofunika ndi @Qualifier, kapena kulandira zonse ziwiri mu Map n'kusankha malinga ndi nambala ya wolipira. Zimenezi zimadya tsiku, ndipo tsiku limenelo ndilo makasitomala amakana kulipira. Amati, "Abwana, si kungodina kumeneku?"

Amene anandiphunzitsa ku Lusaka anali bambo wosalankhulalankhula, amene anayamba Spring nthawi imene bean iliyonse, chida chimene Spring imabweretsa, inkalembedwa pamanja mu XML. Sankalola kuti ndiike @Autowired pamwamba pa field. Chilichonse chinkalowera pa constructor, kuti woona khodi adziwe pompo kuti class ikudalira zingati. Zikapitirira zisanu, ankangogwedeza mutu n'kundiuza ndiigawe. Ndikabwera ndi cholakwa, sankayang'ana sikirini. Ankandituma kukasindikiza stack trace yonse papepala, n'kundipatsa cholembera chofiira kuti ndiwerenge kuchokera pansi kufikira nditapeza "Caused by" womaliza. Mizere yapamwamba, iwo ankatero, ndi olira maliro chabe, chimene chapha munthu chili pansi. Masana tinkadya nsima limodzi, ndipo ngakhale pamenepo ankandifunsa kuti bean iyi imabadwa liti, imafa liti.

Funso limenelo ndilo limandidyetsa lero. Mu Spring, bean ukapanda kuiuza china imakhala singleton, imodzi yotumikira onse. Ukasungamo dzina la wogula, pa laputopu zonse zimayenda, poti uli wekha. Koma nyengo ya fetereza, anthu atachita mzere, risiti ya mayi wina imatuluka ndi dzina la bambo wina, ndipo log siinena kanthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Kuyambira Spring Boot 2.6, mu November 2021, class ziwiri zodalirana, iyi kufuna iyo, iyonso kufuna iyi, zimakanidwa pulogalamu isanayambe. Opanga Spring anachita dala kuti tikonze kamangidwe. Anzathu otchipa amangolemba spring.main.allow-circular-references=true n'kutseka laputopu.

Inu eni mabizinesi, musanalipire, muuzeni wolemba pulogalamu aiyendetse pa seva yeniyeni, anthu awiri alipire nthawi imodzi, wina pa Airtel wina pa MTN, inu mukuona. Akayamba kuzemba, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.