Za amake mwana

Wokondedwa mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino nonse kumeneko ku Lilongwe, pamodzi ndi khandalo. Kuno tilipo, kungoti mawondowa ndiye sakufunanso zitunda.

Nkhani imene unandiuza pafoni si yoyankha mothamanga mayunitsi akutha, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Unati chibadwire mwana akazi ako sakuona tulo. Usiku amadzuka kambirimbiri n'kuika chala pamphuno pa mwana kuti amve ngati akupuma. Mipeni yonse anaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa kabati, moti masamba ukudula ndiwe. Manja awo achita kung'aluka ndi sopo. Ndipo tsiku lija anakuuza misozi ili chuchuchu kuti akadutsa pafupi ndi mbaula atanyamula mwana, m'mutu mwawo mumabwera chithunzi choti akumuponya pamoto.

Malinga ndi zimene wafotokozazi, apongozi anga sanazungulire mutu, sanalodzedwe, ndiponso mwana wawo sakudana naye. Pa ntchito yanga ya unamwino ndinakumana nawo amayi otere. Matendawa madokotala amawatcha obsessive-compulsive disorder, mwachidule OCD. Amayamba ndi ganizo kapena chithunzi choopsa chimene chimangolowa m'mutu chosaitanidwa, mwini wake akunyansidwa nacho. Mantha akakula, munthu amachita kenakake kuti mtima ukhale pansi: kusamba m'manja, kubwerera kukaona ngati watseka chitseko, kuwerenga, kubwereza pemphero mpaka litamveka bwino. Mtima umakhaladi pansi, koma kwa kanthawi kochepa. Zili ngati kukanda mphere: pokanda pamakoma, kenaka kuyabwa kumabwerera kuposa poyamba.

Maganizo oipawo paokha si matenda ayi. Mu 1978 akatswiri awiri a ku London, Stanley Rachman ndi Padmal de Silva, anafunsa anthu abwinobwino, ndipo ambiri anavomera kuti nawonso amabweredwa ndi maganizo otere, monga kukankhira munthu pamsewu kapena kutukwana pamalo aulemu. Enafe timangoti "aa, zachabechabe" n'kupitiriza kuphika. Wodwala OCD amaima n'kudzifunsa kuti, "Ngati ndaganiza zimenezi, ndine munthu wotani?" Akamalimbana nalo ganizolo kuti lichoke, m'pamene limakakamira. Ndipo limasankha pamene munthu amakonda kwambiri. Mayi amene mtima wake wonse uli pa mwana amaona akupweteka mwanayo. Munthu wopemphera amamva mawu onyoza Mulungu m'kati mwa pemphero. John Bunyan, mlaliki wa ku England amene analemba The Pilgrim's Progress, anafotokoza m'buku lake lina la 1666 mmene maganizo onyoza Mulungu anamuzunzira kwa zaka, ndipo akatswiri ambiri lero amati zimenezo zinali zizindikiro za matenda omwewa. Choncho wina akanena kuti akazi ako chikhulupiriro chawachepera, umuuze za bambo ameneyu.

Mwa anthu 100 alionse, mmodzi kapena awiri amadwala matendawa. Nthawi zambiri amayamba munthu akadali wachinyamata, amayendako m'magazi, ndipo kwa amayi ena amabuka kapena kukula ali oyembekezera kapena atangochira kumene.

Pali china chimene uyenera kuchisiyanitsa, ndipo apa usachite chibwana. Alipo matenda ena osowa, ogwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 ongobereka kumene, amene mutu umasokonekera zenizeni. Mayi wotere amamva mawu a anthu amene palibe, amalankhula zosagwirizana, mwina amakhulupirira kuti mwanayo si wake kapena ali ndi chiwanda, ndipo zimene akuganizazo amaziona ngati zoona. Ukaona zimenezi, kapena akayamba kunena zodzipha, usadikire kuti kuche: thamangira nawo kuchipatala, ndipo asakhale okha ndi mwana. Koma mayi amene akubisa mipeni ndi kulira chifukwa cha ganizo lake ali kwina. Wa OCD amaliopa ganizolo, ndipo anthu otere sadziwika ndi kuchita zimene amaopazo.

Tsopano ndifike pa iwe, poti kalatayi ndalembera iwe. Unandiuza monyadira kuti akakufunsa kuti, "Sindinamupweteke eti?" umawayankha nthawi zonse kuti ayi, ngakhale afunse kakhumi usiku umodzi. Unati mwana ukumusambitsa ndiwe, ndipo mbaula unaitulutsa panja. Ndikudziwa kuti ukuchita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo amuna ambiri akanathawira kale kumowa. Komabe zimenezi zikudyetsa matendawo. "Ayi" wako uja wasanduka mbali ya mwambo wa matenda, chimodzimodzi ndi sopo uja. Ukawayankha, mtima umatsika, ndipo ubongo umaphunzira kuti popanda yankho lako ngozi ikanachitika. Mawa funso lidzabwera msanga kuposa lero. Mpeni ukakhala pamwamba pa kabati mwezi wathunthu, iwo amati mwana ali moyo chifukwa mpeni unabisidwa, osati chifukwa iwo ndi mayi wabwino.

Chithandizo chimene chimagwira ntchito chimayenda mobwerera. Anachiyambitsa katswiri wina wa zamaganizo, Victor Meyer, ku London mu 1966, ndipo mpaka lero ndicho chimadaliridwa. Wodwala amayandikira chimene amachiopa pang'onopang'ono, kuyambira chopepuka, koma osachita mwambo wake uja. Mwachitsanzo, lero mpeni ungotsika pakabati n'kukhala patebulo, iwo ali m'chipinda chomwecho. Mtima ugunda, manja atuluka thukuta, afuna kuthawa. Akapirira, manthawo amakwera, amafika pachimake, kenaka amatsika okha. Akabwereza masiku angapo, thupi limazolowera. Sabata ina adula tomato mwana ali kumbuyo. Koma ndikuchenjeze: usakatenge kalatayi n'kuyamba kuwakakamiza wekha kunyumba. Zimenezi amatsogolera ndi wodziwa ntchitoyi, wodwala atavomera yekha, ndipo iwe udzauzidwa mbali yako. Nthawi zambiri mbaliyo imakhala kuleka kuyankha funso lija, n'kumanena mofatsa kuti, "Amene akufunsayo ndi matenda aja, tinagwirizana kuti sitiwayankha," uli nawo pafupi mpaka mantha atatsika.

Mankhwala aliponso, monga fluoxetine ndi sertraline. Uwauze adokotala kuti akuyamwitsa kuti asankhe oyenera. Amachedwa kugwira ntchito, mwina masabata 8 mpaka 12, ndiye musataye mtima pakatha masabata awiri n'kunena kuti ndi achabe. Akayamba kupeza bwino asasiye okha.

Ndamva kuti amayi ako akufuna mwana apite kumudzi kaye, ndipo ena akunena za kwa sing'anga. Za mwanazo ukane mwaulemu koma molimba. Kumulanda mwana mayi ameneyu n'kumutsimikizira chimene akuchiopa, kuti ndi woopsa. Ngati agogo akufuna kuthandiza, abwere adzaphike ndi kuchapa matewera kuti mayiyo agoneko, chifukwa kusowa tulo kumakulitsa zonsezi. Za sing'anga ndilibe nazo mawu ambiri: adzakuuzani dzina la mfiti, mudzadana ndi m'bale wosalakwa, mipeni ili pakabati pomwepo. Kupemphera pempherani, ine ndikupemphera nanu. Kungoti abusa asawauze kuti maganizowo ndi tchimo lofunika kulapa, chifukwa munthu wa OCD adzalapa usiku wonse osakhutira.

Chinthu china. Zimene anakuuza za mbaulazo usazifalitse kwa abale. Anthu ambiri amabisa maganizo otere kwa zaka chifukwa cha manyazi, poopa kutchedwa amisala. Akazi ako anakukhulupirira. Nkhaniyi ikafika pa gulu la WhatsApp la banja, sadzakuuzanso kanthu.

Mupite limodzi ku St John of God komweko ku Lilongwe, kapena mukafunse namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma chimene chili pafupi nanu. Musanapite, mukhale pansi awiri n'kulemba papepala maganizo amene amabwera, zimene amachita akabwera, ndi nthawi imene zimawadyera pa tsiku, chifukwa pamaso pa dokotala manyazi amatseka pakamwa, munthu n'kungoti mutu ukundipweteka. Amayi ako ndi bambo ako ndilankhula nawo ine. Iwe upemphe tchuthi cha tsiku limodzi kuntchito sabata ino, ndipo mukabwerako undiimbire.

Undiperekere moni kwa apongozi anga.

Ndine azakhali ako.