M Wamkulu, m Wamng'ono

Papepala CM7 ndi Cm7 amaoneka ngati mapasa, koma m'khutu n'ngosiyana: pa wachiwiriyo manoti awiri, E ndi B, amatsika. Nyali zikakhala zofooka, wagitala nkuona molakwa, nyimbo yonse yasasa, ovina nkumayang'anana. N'chifukwa chake ndikamalemba jazi pa MuseScore sindilola kompyuta kundisankhira zizindikiro. M'malo mwa M wamkuluyo ndimaika kachizindikiro ka ngodya zitatu. M'malo mwa wamng'ono, kamzere kogona, monga analembera ophunzira a ku Berklee mu Real Book m'zaka za m'ma 1970. Mu 1976 Brandt ndi Roemer anafuna tonse tizilemba MA7 ndi MI7. Nzomveka ndithu, koma machord akachuluka mumzere zimapanikizana ngati anthu m'basi ya pa Khrisimasi.